Zimene aNambewe ankakwirira m'dambo

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine si mlembi wa mabuku. Ndine mphunzitsi wa Sitandade 6, ndipo zimene ndinalembapo pamoyo wanga ndi mapulani a maphunziro ndi makalata opempha tchuthi. Tsamba loyambali ndaling'amba kanayi. Pamene muone kuti pakhota mundikhululukire, ndipo achibale amene mudzipeze m'nkhani ino musandisungire kukhosi. Ndalemba zimene ndinaona ndi maso, ndi zimene anandiuza mwiniwake, malume anga a Efulemu. Pamene sindikudziwa ndanena kuti sindikudziwa.

A Efulemu anagwira ntchito imodzi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ntchito yofinya masamba. Pamalo ena ofufuza za ulimi, chakufupi ndi Mitundu, panali chipinda chosungiramo zomera zouma. Iwo ndiwo ankayenda ndi akatswiri m'thengo, kuthyola kanthambi, kukayala pakati pa nyuzipepala, n'kukamanga ndi malamba pakati pa matabwa awiri mpaka kaume gwa. Sukulu analekeza Sitandade 4, koma mayina a Chilatini a zomera ankawatchula ngati akuitana ana awo kuti adzadye. Dandaulo lawo pa nthawi ya chipani chimodzi silinali la ndale ayi. Linali loti nyuzipepala zinkasowa. Matipate atafika, nyuzipepala zinamera ngati bowa, iyi ikutukwana iyo, moti munthu akanatha kufinya nazo Dzalanyama yense. Chaka chomwecho ndi chimene anawapumitsa ntchito.

Akazi awo anali a ku Nathenje. Anabwera kwathu pa chitengwa, ndiko kuti anasiya mudzi wawo n'kudzakhala kwa mwamuna, ine ndisanabadwe. Tonse tinkawatcha aNambewe, kapena amake Patson, potengera mwana wawo mmodzi yekhayo amene anapita ku Joni n'kuiwalako njira ya ku positi ofesi. Dzina lawo la pautsikana palibe ankalitchula. Kwathu kuno mayi wamkulu samutchula dzina lake lenileni, ndipo mwamuna amene angaitane mkazi wake ndi dzina pagulu, anthu amagwira pakamwa.

Kuiwala kwa aNambewe kunayamba pang'onopang'ono. Tsiku lina anathira mchere mu tiyi. Tsiku lina anapita kumsika wa Mitundu kukagula sopo, n'kubwerako ndi nkhuku ya eni ake itapanidwa m'khwapa. Pofika chaka cha 1996 ankayang'ana amuna awo mwaulemu ndithu, n'kuwafunsa kuti, “Kodi bambo inu basi ya ku Nathenje yadutsa?” A Efulemu ankayankha kuti, “Isanadutse, mayi. Imwani kaye phala.” Akawaitana kuti aNambewe sankacheuka. Akati amake Patson ankayang'ana uku ndi uku kufuna kuona amene akuitanidwayo.

Zonsezi mudzi ukanazipirira. Chimene chinautsa mapiri pachigwa n'kukumba. M'mawa uliwonse, dzuwa litangofunda, aNambewe ankatenga kakhasu n'kulunjika kudambo. Kumeneko ankayenda chapansipansi opanda nsapato, n'kuima, n'kugwada, kukumba kadzenje, kugwiragwira m'katimo, kenako n'kukwirira bwinobwino ndi kusalaza ndi chikhatho. Anthu otunga madzi ankaona kukwirirako. Chimene chakwiriridwa palibe anayesa kuchifukula, chifukwa aliyense ankadziwa kale kuti ndi chiyani.

Chaka chimenecho alimi wamba anali ataloledwa kulima fodya wa bale, ndipo malume aakulu a Jeremiya, mkulu wawo wa a Efulemu, amenenso ndi mwinimbumba wathu, anafesa nazale yawo m'dambo momwemo. Anali atauza kale anthu kuti chaka chamawa adzayenda pa njinga yamoto. Mwezi wa Okutobala mbande zinayamba kufota mzere ndi mzere. Pambali penipeni pa nazaleyo panali timadzenje titatu tokwirira bwino.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, a Jeremiya anaitanitsa banja lonse pakhonde pawo.

“Achimwene,” anatero kwa a Efulemu, “ine sindikunena kuti mlamuyu ndi mfiti. Mwandimva ndikutchula liwu limenelo?”

“Simunatchule, akulu.”

“Eya. Ine ndikungoti munthu akatopa ndi kwa eni, amabwerera kwawo. Nanga si tsiku lililonse akufunsa basi? Tiyeni timuthandize kukwera.”

“Ku Nathenje kulibe munthu, akulu. Alongo awo tinaika limodzi. Nkhoswe yawo inamwalira nthawi ya njala ija. Pamene panali nyumba yawo pali chigayo. Tikawatula kwa ndani?”

“Mudzi sutha anthu,” anatero a Jeremiya. “Komanso tisakangane. Masiku ano ndi a demokalase. Tivote.”

Manja anakwera. Chisankho chinali chamtendere, ndipo palibe anabera. Anagwirizana kuti Loweruka lachiwiri aNambewe adzakwezedwe matola ndi mtolo wawo wa zovala. Eni ake anali pomwepo pamkeka akusenda mtedza, ndipo ataona manja ali m'mwamba nawonso anakweza lawo, akumwetulira.

A Efulemu anandiuza pambuyo pake chinthu chimene chinkawadya kwambiri masiku amenewo. Iwo ndiwo ankachapa nsalu za akazi awo, kuseri kwa nyumba kuti anthu asaone. Nthawi zonse pangodya ya nsalu ankapezapo mfundo, ndipo akamasula ankapeza timakoko touma, tofiirira, topyapyala ngati mapiko a inswa. Ankatiponya m'chimbudzi msangamsanga osauza munthu. Pakamwa ankakana zonena za mkulu wawo, koma pomasula mfundoyo ankayamba acheuka kuona ngati pali munthu.

Lachiwiri la sabata yomalizayo m'mudzi munalowa landirova yoyera. Anthu anayesa ndi achipani abwera ndi nsalu, moti amayi ena anayamba kale kuimba. Munatuluka bambo wamagalasi, wazaka ngati makumi anayi, wovala magambutsi pakati pa chilimwe. Anati dzina lawo ndi a Matthews, ndipo amagwira ntchito mu labotale ina m'tauni. Ankafuna a Efulemu, chifukwa aliyense amene anamufunsa za zomera za dera lino anawalozera kwa iwo.

Atakhala pansi anatulutsa chithunzi cha duwa lofiira lotuluka pansi popanda tsinde lenileni. A Efulemu anangoliona kamodzi n'kutchula dzina lake la Chilatini, lalitali moti sindiyesa kulilemba kuopa kuphonya zilembo. A Matthews anawomba m'manja ngati mwana.

“Ndiye ameneyo, madala! Koma sitikufuna duwalo. Pansi pake pali mpira wonga anyezi wamkulu. M'kati mwa anyezi ameneyo muli kanthu kena, kochepetsetsa. Mukasefa ndi kusefanso chidebe chathunthu, mumatsala kaufa kongokwana pansonga ya singano. Anzathu akunja akukafufuza kaufa kameneko. Akuganiza kuti mwina kangathandize okalamba amene akudwala matenda oiwala.”

A Efulemu anacheuka. Pakhomo la khitchini akazi awo anali kupinda ndi kupindula nsalu imodzimodziyo.

“Bwana, mwati matenda?”

“Matenda, madala. A mu ubongo. Munthu amaiwala mayina, njira, ngakhale ana ake obereka yekha.”

“Si zolodzedwa? Kapena zoti mwiniwakeyo anagwira zinthu?”

“Ayi ndithu. Ndi matenda ngati shuga.”

“Ndiye mankhwalawo alipo?”

A Matthews anakanda m'mutu. “Pakali pano akuyesa pa makoswe. Amaika khoswe m'kanjira kokhotakhota, n'kuona ngati mawa lake akumbukire kumene kuli chakudya.”

“Akanabwera kudzatenga a kwathu kuno,” anatero a Efulemu. “Sanaiwalepo kumene kuli nkhokwe.”

Anaseka onse, koma a Efulemu anafunsanso motsitsa mawu ngati munthu angangowiritsa anyeziyo n'kumwetsa wodwala. A Matthews anadzuka pampando. “Musadzayese, madala! Ndi poizoni ameneyo. Mukhoza kupha munthu.”

Anapangana kuti a Efulemu awapezere anyeziyo, ndipo a Matthews adzaime pamaso pa banja Loweruka m'mawa n'kunena ndi pakamwa pawo pa munthu wophunzira kuti aNambewe akudwala. A Efulemu sanakayike. Duwalo anali atalifinyapo kangapo.

Awiriwo anayenda Lachitatu, Lachinayi, mpaka Lachisanu. Anafika ku Malingunde, anabwerera, anazungulira madambo onse a kuno ndi mapu ndi kampasi. Sanapeze kanthu. Chomeracho chimatulutsa duwa ndi masamba mvula yoyamba ikagwa, ndipo mu Okutobala pamwamba pa dothi sipakhala chizindikiro chilichonse, makamaka anyamata osaka mbewa atatentha tchire. Apa m'pamene a Efulemu anazindikira kuti zaka zonse zija ankadziwa zomera kuyambira pamene dothi lathera kupita m'mwamba. Za pansi sankazifinya, poti sizikwana pakati pa nyuzipepala.

Lachisanu masana, atakhala pamthunzi wa galimoto atatopa, a Matthews anati madzulo omwewo abwerera m'tauni ndipo adzayesanso mvula ikagwa. Za Loweruka anapepesa, nati mafuta a galimoto ndi owerengeka, ndipo ofesi singawalole kugona kuno popanda chimene apeza. Kenako, pofuna kungocheza, anatulutsa kabotolo m'chikwama.

“Mukadzaona zotere pamene mbewa zafukula, mudzanditumizire uthenga. Awa ndi makoko ake akunja.”

M'kabotolomo munali timakoko touma, tofiirira, topyapyala ngati mapiko a inswa.

A Efulemu anati anamva manyazi kuyambira kumapazi. Miyezi isanu ndi umodzi anali akutaya m'chimbudzi chinthu chimene akunja ankachifuna ndi ndege. Anagwira dzanja la a Matthews.

“Bwana, gonani ku Mitundu lero lokha. Mawa ndikuonetsani katswiri.”

Loweruka m'mawa banja linasonkhana kuti liperekeze aNambewe kumsewu. Mtolo unali womanga kale. A Jeremiya anali atavala jekete. Landirova itafika, a Efulemu anapempha kuti alendo alankhule kaye, ndipo a Matthews anaima n'kufotokoza bwino kwambiri za ubongo, za timitsempha timene timafota, ndi za mayiko kumene okalamba otere amawasamalira m'nyumba zapadera. Anthu anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto.

“Zikomo, adokotala,” anatero a Jeremiya. “Mwalankhula zakupsa. Nanga ubongo wa mlamuyu ndi umene unaumitsa fodya wanga?”

Anthu anaseka. Wina ananyamula mtolo uja.

A Efulemu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kakhasu. Akazi awo anali atakhala pakhonde atadzikunga, akuopa galimoto ndi chigulu cha anthu. Anawapatsa kakhasuko, koma iwo sanalandire.

“ANambewe, tiyeni kudambo.”

Sanacheuke.

“Amake Patson.”

Mayiwo anayang'ana kumbali.

A Efulemu ankadziwa chimene chinkawadzutsa akazi awo, chifukwa m'nyumba, chitseko chili chotseka, ankachigwiritsa ntchito powamwetsa phala. Koma apa panali mkulu wawo, alongo awo, alamu, adzukulu, ndi mlendo wamagalasi. Anayang'ana mtolo uja uli pamutu pa munthu. Kenako ananjuta pamaso pa akazi awo, nkhalamba ya imvi mbuu, n'kunena ndi mawu amene ankalankhulira pa chitsime cha ku Nathenje zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo.

“Martina. Iwe Martina, tiye ukandionetse kumene umakumba kuja.”

Amayi ena anagwira pakamwa. Mlongo wawo wina anati, “Ii, achimwene, pagulu?” Ana anagwa nako kuseka. Koma mayi aja anadzutsa mutu, nkhope yonse itawala.

“Iwe Efulemu, wabwera liti? Amayi akakuona pano udziwanso.”

Analandira kakhasu n'kutsogola.

Sindidzaiwala mzere umene unatsika kudambo m'mawa umenewo. Patsogolo mayi wopanda nsapato amene tinamuvotera kuti achoke. Pambuyo pake amuna ake. Kenako a Matthews ndi magambutsi ndi kabuku, landirova ikukwawa pang'onopang'ono m'mbuyo mwawo, ndiyeno mudzi wonse, ena atatalikira ndithu kuti zikaphulika zisawagwere. Atafika pamalo opserera, opanda ngakhale kaudzu, a Martina anayamba kuyenda mwapang'onopang'ono akukanikiza pansi ndi chidendene. Anaima pafupi ndi kachulu, masitepe asanu kuchokera pa nazale ya a Jeremiya. Anagwada n'kukumba. Khasu lachinayi linavundukula chinthu chozungulira, chachikulu ngati mutu wa mwana wakhanda, chokutidwa ndi makoko ofiirira.

A Matthews anagwada m'phulusa osasamala thalauza. “Mayi, mwadziwa bwanji kuti ali pamenepa?”

“Pansi pamalira mosiyana,” anatero a Martina, ngati akuyankha mwana wofunsa zopusa. Anasenda timakoko tingapo n'kutimanga pangodya ya nsalu. “Amayi ali ndi chithupsa pamwendo. Izi n'zomangira. Umasenda zakunja zokha, mwiniwakeyo umamusiya agone.”

Atatero anayamba kukwirira ndi kusalaza ndi chikhatho, monga anthu otunga madzi ankawaonera masiku onse aja. A Matthews atalowetsa dzanja kuti azule anyeziyo, a Martina anawamenya pamkono, phaa.

“Mwana wa yani iwe? Ukazula, chaka chamawa udzasenda chiyani?”

Anakumba malo asanu ndi awiri m'mawa umenewo ndipo sanaphonye ngakhale kamodzi. A Jeremiya anatenga khasu lawo n'kufukula okha timadzenje titatu tija ta pambali pa nazale. Monse anapezamo anyezi. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana, ndipo tonse tinadikira kuti mwina apepesa.

“Adokotala,” anatero, “ndiye mwati akunja akuzifuna zimenezi?”

“Akuzifufuza, bambo.”

“Chabwino. Mulembe kuti zili m'dimba mwa Jeremiya.” Kenako anatembenukira kwa amene anasenza mtolo uja. “Iwe, katundu wa alamu ukupita naye kuti? Kabwezere m'nyumba. Munthu amene boma lamutumizira galimoto tingamukweze matola?”

Za ubongo ndi timitsempha palibe anazikumbukiranso. Chimene chinamveka mpaka ku Diamphwe n'choti kwathu kuli mayi wodziwa mankhwala moti madokotala amamugwadira. Amene ankathawitsa ana awo akaona a Martina anayamba kubwera ndi zithupsa zawo. A Efulemu anayesa kangapo kulongosola kuti akazi awo ndi wodwala chabe, koma ataona kuti bodza latsopanoli likuwasunga bwino kusiyana ndi choonadi, anatseka pakamwa.

A Matthews anazula anyezi asanu ndi mmodzi pamene a Martina anatembenuka. Otsalawo anazulidwa ndi mudzi. Mvula itagwa, maluwa ofiira atatuluka, aliyense anathamangira kudambo ndi thumba, ndipo anyezi anaunjikidwa m'makonde kudikira landirova. Sinabwerenso. Anawolera pomwepo, ndipo mbuzi ya munthu wina inafa itadya. Chilimwe chotsatira a Martina ankapitabe kudambo m'mawa uliwonse, a Efulemu ali pambuyo atanyamula botolo la madzi. Ankaponda ndi chidendene paliponse, koma pansi sipankaliranso. Ankabwerako mfundo ya nsalu ili yopanda kanthu, akudandaula kuti amayi awo akalipa.

A Martina anamwalira mu Juni 1998, m'nyumba mwawo, ndipo anaikidwa kumanda a kwathu. A Jeremiya ndiwo analankhula m'malo mwa banja, ndipo anati mudzi wataya chipatala.

Patatha miyezi inayi kunabwera envulopu. Munali kalata ya a Matthews ndi kabuku ka Chingerezi ka masamba khumi ndi awiri. Kalatayo inati kaufa kaja kanapezekadi mu anyezi wa kwathu, ndipo makoswe ena akuonetsa kusintha, koma za anthu n'zakutsogolo kwambiri, mwinanso sizidzatheka. Kumapeto kwa kabukuko, m'zilembo zing'onozing'ono, ofufuza anathokoza Bambo Efulemu a ku Mitundu chifukwa cha nzeru zawo zakuya pa zomera za m'deralo. Ndinawawerengera ndi kuwamasulira. Anandipempha kuti ndibwereze. Kenako anatenga kabukuko n'kukaika pakati pa matabwa awo awiri aja, n'kumanga malamba. Mpaka lero sanamasule.

Apa ndiyenera kunena mbali yanga, imene ndakhala ndikuizungulira kuyambira tsamba loyamba. Tsiku lija kudambo manja a a Matthews anali matope okhaokha, ndiye anandipatsa fomu kuti ndiwalembere, poti ndine mphunzitsi. Panali mzere wofunsa dzina la munthu amene waonetsa chomeracho. Dzinalo ndinali nditangolimva kumene, koma dzanja langa linakana kulemba dzina la pautsikana la mayi wamkulu, akazi a malume anga. Ndinaganiza zolemba aNambewe, n'kuona kuti limenelo ndi la mtundu, silikwana pa fomu ya boma. Ndinalemba la amuna awo, mwaukhondo, m'zilembo zazikulu, n'kubwereza kuwerenga kawiri kuti ndisalakwitse. Pa voti ija sindinakweze dzanja, komanso sindinatsegule pakamwa.

Sabata yatha ndatumiza kalata ku labotale kuja yopempha kuti akadzasindikizanso kabukuko alembemo Martina Mbewe wa ku Nathenje. Sindikudziwa ngati adzayankha. Komanso mayi anga ondibereka, mlongo wawo wa a Efulemu, ayamba kuthira mchere mu tiyi, ndipo kawiri konse apezeka panjira ya ku Malingunde atanyamula dengu lopanda kanthu. Ndinali nditagula loko kuti ndiziwatsekera ndikamapita kusukulu. Lokoyo ndamupereka kwa a hedimasitala kuti akhome pa kabati ya mabuku. Ndapempha kuti andisinthire ku makalasi a masana, kuti m'mawa mayi akanyamula dengu ndizitsatira pambuyo pawo mpaka ndione kumene akupita. Dzina lawo la pautsikana ndawafunsa dzulo, akadali kulikumbukira, ndipo tsiku limene adzaleke kucheuka ndikati amayi, ndidzawaitana nalo, kaya pali anthu kaya palibe.